Nkhuku ya Overtone Mbewe Inafa ndi Ukalamba

M'komponi ya njanji ku Kafue, masiku a Chitaganya, nkhuku sinkakalamba. Ikapulumuka kwa mphamba inkafera mlendo, ikapulumuka kwa mlendo inkakumana ndi Khirisimasi. Pa zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko ndikudziwa imodzi yokha imene inafa yokha ndi ukalamba, nthenga za m'khosi zitathothoka, ndipo inali ya Overtone Mbewe. Anthu ankamuseka kuti ndi woumira. Sanali woumira ayi. Chipinda changa ndi chake zinalekana ndi khoma limodzi, choncho mundilole ndinene za iye, poti palibenso wina wotsala amene angazinene.

Overtone anali wa ku Dowa. Anachoka kwawo ali mnyamata, nayenda wapansi mpaka ku Fort Jameson, nagwira ntchito m'mafamu a fodya, kenako n'kumatsetsereka ndi msewu mpaka pa mlatho wa Kafue, pamene nsapato ndi mtima zinamuthera pamodzi. Anapeza ntchito yopopa madzi. Sitima za nthawi imeneyo zinkamwa madzi kuposa ng'ombe za Atonga, ndipo pankafunika munthu wokhala m'kanyumba ka malata m'mphepete mwa mtsinje, kuyang'anira injini yokankhira madzi ku thanki ya pa siteshoni. Munthuyo anali Overtone. Tsiku lonse ankakhala yekha ndi injini, udzudzu, ndi mabwato a asodzi a ku Chanyanya odutsa chapatali. Injiniyo inkasokosa moti ngakhale wina akanapita kukamuchezetsa, akanangoonana milomo. Mwina n'chifukwa chake anazolowera kusalankhula.

Kumudzi ankamuwerengera pa matchona. Amake atamwalira, uthenga unamupeza manda atamera kale udzu. Anati apita chaka chamawa akasonkhanitsa kandalama, chaka chamawacho n'kusanduka chamkuja, mpaka manyazi anakula kuposa ulendo. Khalidwe limeneli mulikumbukire, chifukwa tikumana nalonso kutsogoloku. Mkazi sanakwatire. Tikamanena kuti anakwatira injini, ankangomwetulira n'kuvula kapusi, kukanda pamutu, n'kuvalanso.

Ine ndine Phiri, ndipo ife a Phiri sitisowa abale. Ukagenda mwala pa msika wa Kafue umenya Phiri, ukamuphonya umenya Banda. Koma a Mbewe kunalibe. Pa maliro Overtone ankakumba nawo manda a aliyense, podziwa bwinobwino kuti tsiku lake likadzafika adzamulira ndi anthu ongomva chisoni.

Tsiku lina la malipiro tili pamzere pa siteshoni, kalaliki anaitana mokweza kuti, "Overtone Mbewe!" Kunja kwa mpanda kunali amayi ogulitsa nsomba zouma, amene ankadziwa tsiku la malipiro athu kuposa ife eni. Mmodzi wa iwo anasiya dengu lake, nadikira Overtone pa geti. Atatuluka, mayiyo anagwada pafumbi pomwepo n'kuwomba m'manja.

"Ndamva akukuitanani Mbewe. Ndinu Mbewe wa kuti?"

"Wa ku Dowa, mayi."

"Ine ndine Nambewe, wa ku Ntcheu. Achimwene, mwakhala kuno zaka zonsezi osabwera kudzaona mlongo wanu?"

Dowa ndi Ntcheu ndi kutali, ndipo makolo a awiriwa sanadyerepo m'mbale imodzi. Koma kwathu mfunda ndi ubale. Mbewe akakumana ndi Nambewe, kaya ndi ku Joni kaya ndi ku Kafue, amenewo ndi munthu ndi mlongo wake: sakwatirana, ndipo satayana pa matenda ndi pa maliro. Overtone anangoima, ndalama dzanja ili, kapusi dzanja ili, akuphethiraphethira ngati walowedwa chitsotso m'maso.

Mayiwo anali Elina Nambewe, akazi a Titus, mmisiri womanga nyumba, ndipo ankakhala m'lokeshoni kutsidya kwa njanji. Kuyambira sabata imeneyo Overtone anakhala munthu wokhala ndi kopita. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi cha Dachi ankabwereka simbi yanga ya makala, kusita malaya ake oyera, n'kuwoloka njanji. Kumeneko anali ndi kampando kake ndi kapu yake yachitsulo yosupuka m'mphepete, imene mwana aliyense ankadziwa kuti samweramo. Ana ankamuitana amalume. Lolemba m'mawa tikupita ku ntchito, munthu wosalankhula uja ankandiboola m'makutu: Dora, mwana woyamba wa aNambewe, wakhoza mayeso, alamu a Titus apeza ntchito yomanga nyumba ya Mmwenye, denga la khitchini likudontha, ndiye Loweruka akakonze. Ndinkamuyankha kuti, "A Mbewe, nkhani za kwa mlongo wanu zandikwana," koma kunena zoona ndinkakondwa kumuona atakhala ngati munthu.

Chimodzi chokha chinkamudya mumtima. Ankati malume wanji wofika chimanjamanja, kudya, kupukuta pakamwa, n'kumapita. Nthawi imeneyo n'kuti kutabwera mawailesi aja abuluu, ozungulira ngati sefuliya, okhala ndi batire lolemera ngati njerwa. Pa Kafue ponse ankapezeka kwa Ba Levy.

Ba Levy anali ndi sitolo pafupi ndi msika. Anali munthu wamfupi, woyera mano, wosadziwa kukalipa. Ankakongoza aliyense, kaya ndi shuga, bulangete kapena njinga, ndipo asanakupatse chinthu sankafunsa kuti umalandira zingati pa mwezi. Funso lawo linali lina. Ine ndinalipo tsiku limene Overtone anakatenga wailesi, ndipo ndinalimva ndi makutu anga.

"Ba Mbewe, palibe vuto, muzalipila pang'ono pang'ono. Koma muli na bululu kuno ku Kafue?"

"Ndili naye," anatero Overtone, chifuwa chili patsogolo. "Mlongo wanga Nambewe, akazi a Titus womanga."

Kanali koyamba m'moyo wake wa m'tauni kufunsidwa za m'bale iye ali ndi yankho. Analiyankha ngati mwana amene waphunzira kuwerenga, ndipo Ba Levy anangogwedeza mutu mokoma n'kumuthandiza kunyamula batire.

Wailesiyo sinagone n'komwe m'chipinda chake. Inapita kutsidya kwa njanji, nikhala patebulo pa kansalu kopeta. Kwa mlongo wake ananena kuti waigula, za ngongole sanatchule. Lamulungu madzulo anthu a nyumba zoyandikana ankadzaza pabwalo kumvera nyimbo ndi moni wochokera ku Lusaka, anthu a ku Nyasalande akupatsana moni ndi abale awo a ku migodi. Palibe tsiku limene Overtone anamva dzina lake m'menemo, koma sankadandaula. Ankakhala pa kampando kake, kapu m'manja, ndipo ndi iye yekha amene ankaloledwa kupotokola kabatani.

Kenako Dora anapeza mwamuna, mnyamata wophunzitsa sukulu dzina lake Lemmy, wa banja lodzilemekeza la ku Dedza. ANambewe anaitanira Overtone kuseri kwa nyumba namuuza kuti, "Achimwene, nkhoswe ya mwanayu ndinu. Palibenso wina." Paja pa chinkhoswe a kuchimuna amabwera ndi tambala, a kuchikazi amatulutsa msoti, amalume a mbali ziwirizi n'kusinthana nkhukuzo pamaso pa anthu. Kuchokera tsiku limenelo, banja latsopanolo likayambana limathamangira kwa iwowo. Ndi udindo wa munthu amene ali ndi mbumba, ndipo Overtone anali atataya kale chiyembekezo chakuti adzaugwirako. Loweruka lotsatira anayenda wapansi mpaka ku Shimabala, nabwerako ndi kamsoti kofiira m'thumba la jekete. Anakamangira khola kuseri kwa chipinda chake. Kankadya madeya osefa, mwini wake akudya therere lopanda mchere, ndipo dzina lake kanali "ya Dora".

Mvula ya chaka chimenecho inamugwetsa. Anayamba ndi malungo, kenako chinalowa chifuwa, ndipo anamutengera ku chipatala ku Lusaka kumene anakhala pafupifupi dzinja lonse. Malipiro anadulidwa pakati. Ngongole ya wailesi inali isanathe, mabatire ena anali atatenganso pangongole, ndipo zonsezo zinaima. Ine ndinatsala ndi ntchito yodyetsa nkhuku.

Ba Levy sanadikire kuti wodwala achire, ndipo sanapite ku Lusaka kukamufunsa. Anapukuta njinga yawo n'kuwoloka njanji. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera aNambewe eni ake pambuyo pake.

"Odi kuno! Ba sisita, muli shani? Bana bali bwino? Ine sininabwele kuvuta iyayi. Nabwela chabe kupepesa pa matenda ya ba Mbewe."

ANambewe anawapatsa mpando, anawathirira tiyi. Ba Levy anamwa mosafulumira, nayamikira shuga, nafunsa za mitengo ya nsomba. Kenako anatembenukira kutebulo.

"Ilila bwino ka? Ni wailesi yabwino maningi. Manje paja panasala ka balansi, na mabatili. Sibanakuuzeni? Aa, pepani. Koma imwe monga sisita muziba mwamene tichitila ise bantu. Bululu akadwala, ba famili ndiye bamatandiza."

ANambewe sanadziwe kuti wailesiyo inali yangongole. Anachita manyazi m'malo mwa mlongo wawo, namasula mfundo ya chitenje n'kupereka masheleni a nsomba za tsiku limenelo. Sabata yotsatira njinga ija inabweranso, yotsatirayo chimodzimodzi. Ankatapa pa mpamba wogulira nsomba ku Chanyanya, amuna awo osadziwa. Mpamba utayamba kuchepa, Ba Levy anatsata a Titus kumene ankamanga, nawapatsa moni waulemu pansi pa makwerero, n'kuitchula nkhaniyo anyamata onse oponda matope akumva. Sanalekere pomwepo. Anakafika mpaka kwa bambo a Lemmy, akuti kungowatsina khutu adziwe banja limene mwana wawo akulowamo.

Apa ndiye pamene magazi anga amawira mpaka lero. Ngongole inali ya Overtone. Ndiye anatenga chinthu, ndiye analonjeza, ndipo sanathawe, anangodwala. Ndani anapatsa wasitolo ufulu woyenda ndi ngongole ya munthu khomo ndi khomo ngati akutsatsa matimati? Munthu akakukongola wakuululira umphawi wake, ndipo umenewo si wako kuti uzikagawira alamu ake ndi apongozi a mphwake. Chonyansa kwambiri chinali ulemu wake. Wokalipa umatha kumuthamangitsa, koma uyu ankabwera atavula chipewa.

Nyumba ya aNambewe inagwedezeka. A Titus atapeza dengu la nsomba lili lopanda kanthu pakona, mpamba utatha, anakalipa mpaka oyandikana nawo anamva. Anati sanakwatire kuti azilipirira ngongole mlongo wotola pa siteshoni, ndipo kobiri lina likangotuluka m'nyumbamo, aNambewe akatsikire ku Ntcheu. Kwa a Lemmy nako kunayamba kuzizira. Tsiku la chinkhoswe likatchulidwa ankangoti tiona mvula ikatha.

Overtone anabwerako atatha ngati ndodo, kolala ya malaya ikumuzungulira khosi. Choyamba anakaona nkhuku. Ndinamusiya amwe phala, kenako ndinamuuza zonse, poti akanazimva ndithu pa mpopi. Anamvetsera maso ali pansi.

"Anafika mpaka kwa apongozi a Dora?"

"Anafika, a Mbewe."

M'mawa mwake anakasuma kwa akuluakulu a komponi.

Masiku amenewo milandu ing'onoing'ono inkaweruzidwa ndi akuluakulu osankhidwa a mitundu yosiyanasiyana, amene ankakhala Loweruka masana pakhonde la holo. Wapampando anali Ba Oliver, wa mtundu wa Asoli, wopuma pa ukapitao, munthu wosakondera koma wokonda kudula nkhani msanga. Anthu anadzaza, poti theka la komponi linali ndi kanthu kwa Ba Levy ndipo aliyense anafuna kumva. A Titus anaima pambali atapinda manja. Bambo a Lemmy anaima kumbuyo kwenikweni, ngati munthu wongodutsa. ANambewe anakhala pansi kutsogolo kwa amayi, atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Anabwera kudzaima ndi mlongo wawo.

Overtone analankhula mawu ambiri kuposa amene ndinamumvapo pa chaka chathunthu. Anati ngongole ndi yake ndipo sakuikana. Anati anadwala, wachira, adzalipira mpaka kobiri lomaliza. Chimene akufunsa n'chakuti wasitolo asiye kuyenda ndi dzina lake m'makomo mwa anthu, chifukwa wamuvula pagulu ndipo akupasula banja la eni ake.

Ba Levy anaimirira chipewa chili pachifuwa.

"Bakulu, ine sininayende kuli bantu ba mumseu. Ninayenda kuli sisita wao. Beve beka ndiye bananiuza mu sitolo ati nili na mulongo wanga. Na wailesi ilila mu nyumba yamene ija. Manje nalakwa chani?"

Akuluakulu anaweramirana, nanong'onezana, ena akugwedeza mitu. Kenako Ba Oliver anakweza dzanja.

"Ba Mbewe, nkhani ili apa ni imozi chabe. Ngati aba bamai ni bululu wanu zoona, wa sitolo sanalakwe maningi, chifukwa famili imatandizana, ndipo bangapitilize kulipilako mpaka imwe mukakose. Koma ngati si bululu wanu, alibe mphamvu yoponda pa nyumba pao, na ndalama zonse zamene anatenga azabweza. Manje tiuzeni. Aba bamai ni bandani kuli imwe?"

Funso loipa ngati limenelo sindinalimvepo. Kaya ndi mlongo kaya si mlongo, wasitolo analibe gawo pakhomo paja, ndipo akuluakulu akanangonena zimenezo nkhani ikanathera pomwepo. Koma iwo anakonza kuti munthu asankhe pakati pa kukhala ndi m'bale ndi kumuteteza m'baleyo.

ANambewe anali atayamba kale kudzuka, dzanja lili pamtima, pakamwa patatseguka. Overtone sanawayang'ane. Anayang'ana a Titus, nayang'ana kumbuyo kumene kunaima bambo a Lemmy, kenako anavula kapusi.

"Si mlongo wanga. Kwathu ndi ku Dowa, kwawo ndi ku Ntcheu. Tinangopezana pa siteshoni. Ine kuno ndilibe m'bale."

"Kambani futi, bonse bamvele," anatero Ba Oliver.

Anabwereza, mokweza, mawu onse osasiyako limodzi.

Chigamulo chinatuluka chabwino ndithu. Ba Levy abweze ndalama za mayiwo, asadzapondenso pakhomo pawo, ndipo ngongole ya munthu azilankhula ndi mwini wake basi. Wailesi ibwerere ku sitolo, chotsala Overtone azilipira mwezi ndi mwezi. Anthu anawomba m'manja, amene anali ndi ngongole ndiwo anawomba kwambiri, ndipo anyamata ena ankafuula kuti Mbewe wawina. ANambewe anaimirira, namanganso chitenje chawo bwinobwino, n'kudutsa pakati pa anthu osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Ndalama zobwezedwazo analandira ndi a Titus.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Overtone anabwereka simbi monga mwa masiku onse, nasita malaya, nawavala, n'kukhala pabedi. Dzuwa linapendeka ali pomwepo.

"Simukupita?" ndinamufunsa.

"Ndinanena pagulu, a Phiri. Ndikaoneka kumeneko, Levy anena kuti tinanamiza akuluakulu, ayambirenso. ANambewe akumvetsa. Akudziwa chifukwa chimene ndinanenera."

Ngongole anailipira yonse chaka chisanathe, akudya therere lomwe lija. Mpamba wa nsomba unabwerera, a Titus anazizira mtima, kwa a Lemmy nako kunatenthanso. Zonse zimene anafuna kupulumutsa zinapulumuka. Pa unkhoswe a Titus anapempha mkulu wina wa mpingo, ndipo musandifunse mfunda wake, anali Phiri.

Chinkhoswe chinachitika m'nyengo yozizira, mphepo ya kumtsinje ikuboola malaya. M'mawa umenewo ndinamupeza Overtone atavala jekete, akumanga miyendo ya msoti uja ndi luzi. Unali utakula, wonenepa, nthenga zikuwala. Anandipempha ndimuperekeze. Tinayenda mpaka pa njanji, pamene nthungululu za kutsidya zinayamba kumveka bwino. Pamenepo anaima.

"A Phiri, ndiperekereni. Mukangoti yachokera kwa munthu wa ku mpope."

Ndinamukalipira, ndinamukoka dzanja, koma miyendo yake inali itamera mizu. Ndinawoloka ndekha nkhuku ili m'khwapa. ANambewe ndinawapeza kuseri kwa nyumba pakati pa amayi ophika, ndipo atandiona anapukuta m'manja n'kunditengera pambali pa khola la nkhunda.

"Yachokera kwa yani?"

"Mukudziwa, mayi. Anaiweta kuyambira ili kamwana. Ndi ya Dora."

Anaisisita pamsana, nainyamula pang'ono kuyesa kulemera kwake.

"Yanenepa," anatero. Kenako anaibwezera m'manja mwanga. "A Phiri, msoti wa chinkhoswe umachokera kwa malume. Mwana wanga alibe malume kuno. Munamva nokha."

"Ananena zija kuti akupulumutseni, mayi. Mpamba wanu, banja lanu, ukwati wa mwanayu."

"Mukuyesa sindikudziwa? Ndinadziwa pomwe paja." Misozi inali itayamba, koma mawu sanagwedezeke. "Koma anawauza ndani kuti ndikufuna kupulumutsidwa? Ine m'tauni muno ndinabwera ndekha ndi amuna anga. Iwo ali ndi abale awo, ine akandikalipira ndinalibe khomo lothawira. Tsiku limene Levy anakhala pampando wanga n'kunena kuti inu monga sisita, ndinapsa mtima, inde. Koma pansi pa mtima ndinati, ehe, ngakhale wasitolo akudziwa kuti ndili ndi mlongo. Masheleni aja ndinkapereka ndi mtima wonse, chifukwa munthu salipirira ngongole mlendo. Ikanatha ngongole ija, a Phiri, ndipo a Titus akanakalipa n'kutopa. Nanga mawu aja, kawiri konse, pamaso pa anthu, amenewo atha bwanji?"

Amayi ena anayamba kuwaitana kuti alendo afika.

"Abwezereni," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Muwauze kuti kapu yawo sindinapatse munthu. Ngati ndi mlongo wanga, akanenere pomwe anandikanira. Akaime pakhonde lomwe lija, anthu amve. Tsiku limenelo nkhukuyi ndidzaipha ndekha, tidzadya."

Palibe katundu amene anandilemerapo ngati nkhuku imeneyo pobwerera. Overtone ndinamupeza pomwe ndinamusiya, atakhala pa mulu wa miyala ya njanji. Ndinamuuza zonse, mawu ndi mawu. Anailandira, namasula luzi mosamala, naisisita miyendo pamene panali pomangidwa.

"Akunena zoona," anatero. "Loweruka likubwerali ndipita."

Panalibenso chomuletsa. Ngongole inali itatha, Ba Levy analibenso chomugwirira. Chinkafunika ndi kuimirira pamaso pa komponi yonse, kunena kuti tsiku lija ndinanama, n'kupirira kusekedwa masana amodzi. Loweruka linafika, iye n'kuti injini ikuvuta. Lotsatira anati akuluakulu ali ndi milandu yambiri. Tsiku lina anavaladi jekete n'kufika mpaka pa holo. Ndinamuona ataima kumbuyo kwa anthu, milomo ikuyenda, akuyeserera mawu ake. Ba Oliver atafunsa ngati pali winanso wa nkhani, ndinamugunda ndi chigongono. Anavula kapusi, nakanda pamutu, navalanso, ndipo anthu anabalalika. Ndinamutukwana tsiku limenelo, ndinamutcha wamantha, ndinamukumbutsa manda a amake. Sanakwiye. Anangoti, "Loweruka linalo, a Phiri." Ndinkamukonda munthu uja, koma ankanditopetsa kwabasi.

Pa msika ankazungulira njira kuti asadutse pa mzere wa nsomba. Dora atabereka mwana woyamba, anamva kwa ine. Anagula kachipewa kaubweya, kamene ndinakapereka ndine, ndipo anakalandira popanda funso. ANambewe sanatumize mawu ena, iye sanawoloke njanji. Onse awiri ankadikira, wina kutsidya uku wina kutsidya uko, pamtunda woti tambala akalira mbali ino amamveka mbali inayo.

Kenako Chitaganya chinatha. Anthu ambiri a kwathu anayamba kumanga katundu, akuti kumudzi kukubwera dziko latsopano ndipo amisiri adzafunika. A Titus anagulitsa zitseko ndi mipando. Ndinamuuza Overtone tsiku la ulendo kudakali nthawi, ndinamuuzanso kuti kwatsala Loweruka limodzi. Loweruka limenelo kunagwa maliro m'komponi, akuluakulu sanakhale, ndipo iye anapita kukakumba manda.

A Titus ndi banja lawo ananyamuka pa sitima ya m'mawa yopita ku Lusaka, kumene ankakakwera basi ya ku Fort Jameson. Ine ndinakawaperekeza. Sitimayo inaima nthawi yaitali pa thanki ikumwa madzi, ndipo aNambewe anatulutsa mutu pawindo n'kumayang'ana njira yochokera kumtsinje. Kumeneko kunkangomveka injini ikugunda. Madzi amene sitima ija inamwa kuti iwatenge anapopa ndi Overtone. Itayamba kuyenda, aNambewe anamasula kathumba n'kundiponyera kapu yachitsulo ija.

Overtone anakhalabe ku mpope mpaka sitima za malasha zitayamba kuchepa. Kapuyo nditamupatsa anaikoleka pa msomali pamwamba pa bedi, ndipo sindinamuonepo akumweramo. Lamulungu anasiya kubwereka simbi. Akaweruka ku tchalitchi ankakhala kuseri kwa chipinda chake, nkhuku ija ikutolatola pafupi ndi mapazi ake. Inasiya kuikira, inayamba kutsimphina, diso limodzi linachita khungu. Pa Khirisimasi iliyonse anthu ankabwera kudzaigula, ena mwachipongwe, iye n'kumangopukusa mutu.

Inafa m'mawa wina wa mwezi wa Juni, patapita zaka zingapo dziko litalandira ufulu. Ndinamupeza akukumba kadzenje kuseri kwa khola ndi khasu lomwe ankakumbira manda a anthu. Ndinapsa mtima ndi chisoni pamodzi.

"A Mbewe, zaka zonsezi mwadya therere nkhuku ili pakhomo. Bwanji simunangoipha?"

Anaika nkhukuyo m'dzenje, nayamba kukwirira ndi manja.

"Paja anati adzaipha okha," anatero.